Chala Chimene a Gwero Anakana

Mukanawafunsa a Gwero kuti amagwira ntchito yanji, akanakonza kaye kolala n'kukuuzani kuti amafufuza mmene thupi limadziwira kumutu ndi kumchira. Mukanafunsa akazi awo, akanakuuzani kuti amaboola mazira. Onse awiri sankanama, kungoti mayiwo ankamaliza msanga.

Ntchitoyo inali m'labu ya pa koleji, chipinda chachitali chapansi, chonunkha sipiriti ndi mazira ofunda. Kukhoma kunali chofungatira, kabati yachitsulo yong'ung'udza tsiku lonse, imene inkagwira ntchito ya thadzi koma yosajompha munthu. Pa pepala a Gwero anali othandizira chabe: kukonza zida, kuitanitsa mazira, kuonetsa ana a sukulu pogwira. Anayamba ali mnyamata, ngati wotsuka mabotolo. Tsiku lina pulofesa wina wa manja onjenjemera ndi khofi anawapatsa singano kuti ayesere, zinatheka ulendo woyamba, ndipo pulofesayo ananena mawu oyamikira amene anawaiwala asanafike pakhomo. A Gwero anawasunga moyo wawo wonse. Kuyambira pamenepo mapulofesa ankabwera n'kumapita, ena kukwezedwa, ena kumwalira, ndipo iwo ankawakamba ngati anthu ochita lendi m'nyumba yawo.

M'mawa ankavala gawuni loyera, kutulutsa thireyi ya mazira n'kukhala pa maikulosikopu. Ankamata tepi pa chigoba, kudula kazenera ndi kalumo kopindika, ndipo pansi pa kazenerako pankaoneka kamwanapiye kosakwana n'chikhadabo chomwe, kamtima kali thi thi thi. Ana a sukulu ankaunjikana kumbuyo kwawo, ndipo apo m'pamene pakamwa pawo pankatsekemera.

"Taonani kanundu ako," ankatero. "Limenelo ndi phiko, koma lokha silikudziwa. Ndipo phiko lili ndi zala, zitatu, muzidzayang'ana mukamaguguda mafupa. Panopa maselo onse m'menemo ndi ofanana, palibe lodziwa kuti lidzakhala chiyani. Ndiye kumbuyo uku, m'mphepete, kuli kagulu ka maselo kamene kamatulutsa mankhwala. Kameneko ndiye gwero. Mankhwalawo amayenderera m'kanundu monse ngati mchere umene wagwera mbali imodzi ya mphika osavundula: apa wawawa, pakati wakolera, uko sukumveka n'komwe. Selo lililonse limalawa n'kudziwa pamene lili. Apafupi amapanga chala chakumbuyo, apakati chapakati, akutali chakutsogolo. Palibe kapitawo, palibe pulani yojambula. Ndipo si phiko lokha. Thupi lonse limayalidwa chonchi, kumutu ndi kumchira, kumsana ndi kumimba, ntchentche, chule, nkhuku, inuyo. Penapake pamakhala gwero, ena onse n'kumalawa uthenga."

Mpaka apo ankanena zoona, ndipo ankazinena bwino, tisawamane. Koma ntchito yawo yeniyeni inali kunamiza kanunduko. Ankatenga kamkanda kochepa ngati kamchenga, koviikidwa m'mankhwala omwewo, n'kukalowetsa mbali yakutsogolo, kumene kulibe gwero. Akatero ankatseka kazenera ndi tepi n'kubwezera dzira m'chofungatira. Maselo osaukawo, pomva uthenga uku ndi uku, ankamvera konsekonse, ndipo pakapita masiku phiko linkatuluka ndi zala zowirikiza, zoyang'anizana ngati dzanja logunda pa galasi. Tianapiye totere a Gwero ankatiika m'mabotolo a sipiriti pa shelefu ya pamwamba. Ankatitchula kuti zolakwika, ndipo ankakonda kugogoda botolo ndi chikhadabo n'kunena kuti, "Uyu sanamvetsetse malangizo." Ana a sukulu ankaseka, popeza wokonza mayeso a m'labu anali iwowo.

Chimene ankanyadira kuposa zonse anali manja awo. Manja osanjenjemera, osalala, odzola mafuta m'mawa ndi madzulo. Manja amenewo sananyamulepo ndowa kapena kukhoma msomali. Zimenezo zinali za akazi awo, amene sayansi sinkadalira manja awo. M'khonde la pa koleji munapachikidwa chithunzi cha manja a a Gwero atagwira dzira. Wojambula anadula nkhope, koma iwo sanadandaule, ankati nkhope aliyense ali nayo. M'mphepete mwa dzanja lililonse, patsinde pa kachala komaliza, panali kotupa kakang'ono ngati njerewere. Pa chithunzipo palibe chimene chinkaoneka, popeza anadziwa kupendeketsa manja. Wina akafunsa ankati, "Lumo, ntchito yathuyi." Lumo lanzeru ndithu, locheka manja onse awiri pamalo amodzimodzi.

Vuto la a Gwero linali lakuti sankasiya ntchito ku ntchito. Anthu ena amabwera kunyumba ndi zolembera za ku ofesi. Iwo anabwera ndi chiphunzitso. Atangobadwa mwana woyamba anagula tebulo lalitali, lotalika kuposa chipinda chimene linkayenera kukhalamo, moti chitseko cha kukhitchini chinkangotseguka theka. Anakhala kumutu kwake n'kulengeza kuti, "M'nyumba muno gwero ndine." Analengeza kawirikawiri moti aneba anawapatsa dzinalo, ndipo iwo, posadziwa kuti akusekedwa, anayamba kulivomera.

Mwana woyamba anamukhazika kudzanja lamanja n'kuyamba kumutcha Dokotala asanamere mano. Wachiwiri kumanzere, chapatali pang'ono: Loya. Wachitatu, mtsikana, anapeza malo abwino atatha. Anamuika kumapeto, pafupi ndi chitseko chotseguka theka chija, pamene mayi ake ankakhalapo kanthawi kochepa kamene sanali chiimire. Dzina la ntchito sanamupatse. Ankangomuti Mzime.

Chilichonse chinkayambira kumutu. Mbale ya nyama inkayamba kwa a Gwero, kupita kwa Dokotala, kwa Loya, n'kukafika kumapeto muli msuzi ndi kafupa kamene aliyense anakakana. Mafunso a sukulu chimodzimodzi: Dokotala ankafunsidwa mpaka kulira, Loya mpaka kunama, ndipo pofika kwa Mzime bamboyo ankakhala atatopa, akutokosa m'mano. Tsiku lina Loya atadwala, kamtsikanako kanakoka mpando wake n'kukhala pamalo pa mchimwene wake, chigongono chikukhudza cha bambo ake. A Gwero anaitana mayi kuti amubweze, ati selo likasamuka pamalo pake thupi limasokonekera. Mzime sanayeserenso. Mayi akadandaula, yankho linali lokonzeka kale.

"Amake Dokotala, musadere nkhawa. Pa dzanja, chala chachikulu chimamera chokha, uthenga sufikako. Wakutali amadzimerera."

Ana aja anakula. Dokotala amagulitsa matayala akale m'mbali mwa msewu, ndipo amawapima bwino ndithu, kuwagogoda n'kumvetsera. Loya ndi wometa, ndipo palibe kasitomala amene anamugonjetsapo pa mtsutso wa mpira. A Gwero sanaone cholakwika ndi chiphunzitso chawo. Ankati anyamatawo uthenga unawachulukira, zimene zimachitikanso m'dzira. Mzime anadzimereradi. Anapeza ntchito yogulitsa matikiti pa depoti ya mabasi, kuseri kwa kawindo ka mawaya, anakwatiwa ndi mnyamata wokonza zamagetsi, wofatsa mpaka kudabwitsa, ndipo anasamukira kunyumba kwa mnyamatayo, kumene kunalinso mayi ake amasiye. Mayi amenewo, asewere a a Gwero, ankasoka makatani, ndipo diso lawo linazolowera kupeza pamene pakhota.

Mzime atakhala ndi pakati, bambo ake anamuona koyamba. Osati iyeyo kwenikweni, koma mimbayo: apa panali mwayi woyambiranso. Ku labu ankaitanitsa mazira opitirira, ndipo otsala, amene sanalowe m'chofungatira kapena kukhudzidwa ndi kanthu, ogwira ntchito ankagawana. A Gwero anayamba kupititsa gawo lawo kwa Mzime kumapeto kwa sabata, thireyi m'manja ngati anyamula chikho cha mpira. Akanangosiya mazirawo pakhomo n'kubwerera, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ankakhala pansi, kulandira tiyi, n'kuyamba kufotokozera asewere za kanundu, za kamkanda, za zala zowirikiza. Anawaonetsanso zithunzi za mabotolo aja pa foni, akuzikulitsa kuti aone bwino. Asewere ankangoti, "Ooh," diso lili pa thireyi imene ili pa kabati. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mwana anabadwa wamkazi, wonenepa, wa mawu. A Gwero ndi akazi awo anapita kukamuona atatuluka m'chipatala. Anamupeza pa miyendo ya Mzime pabalaza, mkamwini ataima pakhomo la kuchipinda, asewere ali pa mpando wa makina awo osokera, manja atapinda. Mayi ake a Mzime atafunyulula shawelo, timanja tinatuluka, ndipo m'mphepete mwa kalikonse, pambali pa kachala komaliza, panalendewera kachala kena, kofewa, kokhala ndi kachikhadabo kake.

A Gwero anakazindikira kachalako ngati mmene munthu amazindikirira m'bale wake woledzera pagulu. Iwonso anabadwa choncho. Mayi awo anamanga tizalato ndi ulusi mpaka tinauma n'kugwa, koma dzina silinagwe: ubwana wawo wonse ankatchedwa Sikisi, ndipo analimbana nalo dzinalo mpaka anachoka kwawo n'kulisiya komweko. Amene ankadziwa anali akazi awo okha, amene anauzidwa ndi apongozi awo asanamwalire. A Gwero analowetsa manja m'matumba a jekete.

"Adokotala ati si vuto," anatero Mzime. "Ati angadzachotse akakulako pang'ono."

"Ndi mazira aja," anatero asewere, osakweza mawu. "Ine ndinkaona. Munthu sungadye zinthu zochokera m'nyumba yochulukitsa zala n'kubereka mwana wa zala zokwanira."

Apa munthu wanzeru akanakhala chete, kapena kungovomera mlandu wa mazirawo, umene sukanapha munthu. Koma asewere anali atanyoza sayansi pamaso pa mwini wake. A Gwero anaimirira, manja ali m'matumba momwemo.

"Asewere, pepani, koma zimenezo n'zosatheka. Mazira aja sanakhudzidwe ndi mankhwala. Ngakhale akanakhudzidwa, mwakazinga, mwadya, m'mimba mwagaya, zathera pomwepo. Uthenga umene umapanga zala sudutsa pa mbale. Mwana amaupanga yekha m'kanundu kake, ndipo mmene maselo ake amauwerengera ndi nkhani ya magazi. Chotere chimachokera kumtundu. Kwa bambo kapena kwa mayi, kwina kulibe."

Anayang'ana uku ndi uku ngati akudikira kuwomberedwa m'manja.

"Kumtundu," anabwereza asewere. "Chabwino. Kwathu kulibe. Kwa malemu amuna anga kulibe, ndinawaona onse mpaka agogo awo. Nanga kwanu?" Anayang'ana mayi ake a Mzime.

"Kwathu kulibe," anatero mayiwo pang'onopang'ono, maso ali pa matumba a jekete ya amuna awo.

Asewere anatembenukira a Gwero. "Nanga kwa inuyo?"

A Gwero anaona chithunzi cha m'khonde, anaona shelefu ya zolakwika, anamva ana a kwawo akuimba Sikisi kumbuyo kwawo.

"Kwathu? Ayi. Kwathu zimenezo sitizidziwa."

"Ndiye mwatithandiza," anatero asewere. "Si mazira, mwanena ndinu odziwa. Ndi magazi. Kwathu kulibe, kwanu konse kulibe. Ndiye magazi amenewa ndi a ndani?" Anayang'ana mwana wawo amene anali chiimire pakhomo. "Pa depoti pamadutsa anthu ambiri."

Mkamwini, wofatsa uja, sananene kanthu, ndipo Mzime anamva bwino lomwe kuti sananene kanthu. Pasanathe sabata Mzime anafika kwa makolo ake pa takisi, mwana m'manja, chikwama chimodzi paphewa. Anakhala pamalo pake pakale, kumapeto kwa tebulo.

Tsopano a Gwero ankadya moyang'anizana ndi tizala tija. Mwana akamayamwa ankatambasula kadzanja pa chifuwa cha mayi ake, ndipo kuchokera kumutu kwa tebulo, patali ponsepo, kachala kachisanu n'chimodzi kankaoneka bwinobwino. Bamboyo anayamba kudya mopendeketsa dzanja ngati pa chithunzi chija, linalo lili pa ntchafu. Mzime sankalira pamaso pa anthu. Ankadzuka, kuchapa matewera, kuyang'ana foni, n'kuivundikira pa tebulo. Mkamwini sankaimba.

Njira ina anaiganiza ndithu, munthu wophunzira sasowa njira. Madzulo ena anafika ndi ulusi wa ku labu, wopyapyala, wowiritsa bwino, n'kuima chapatali ndi Mzime.

"Bwanji tingomanga tizalato tigwe? Ndi ntchito yaing'ono. Tikachoka anthu aiwala, nkhani yatha."

Mzime anayang'ana ulusiwo. "Mwadziwa bwanji kuti amamanga ndi ulusi, bambo?"

"Ndinawerenga."

"Tisiyeni kaye. Mwini wake sanabwere kudzatizindikira."

A Gwero anabwezera ulusi m'thumba, ndi dzanja lomwe.

"Abambo," anatero mayi tsiku lina akusita gawuni loyera lija, "manja anu akudwala? Masiku ano sakutuluka."

"Kukuzizira."

"Mwana wanu banja likutha."

"Mnyamata uja aganiza bwino. Zinthu zotere zimatha zokha. Ndiponso mabuku amati nthawi zina chimangoyamba chokha, popanda wakumtundu."

"Ndiye mukawauze zimenezo asewere anu, muone ngati angakupatseni tiyi." Anakhazika simbi pansi mwamphamvu. "Ine ndikanena, ati mayi akuikira kumbuyo mwana wake. Manja ndi anu. Zaka zonsezi ndatunga madzi, ndakhoma misomali, kuti manja amenewo asungike. Ndimayesa tikuwasungira tsiku limene adzagwire ntchito."

A Gwero anakwiya. Chilungamo chake n'chakuti ankaopa. Sankaopa asewere, ankaopa kusekedwa: kuti nkhani ifika ku koleji, kuti ana a sukulu azidzayang'ana shelefu ya pamwamba kenako n'kuyang'ana iwo, kuti wina adzagogoda chithunzi cha m'khonde n'kunena kuti uyu sanamvetsetse malangizo. Munthu wamkulu, waimvi zake, ankayeza banja la mwana wake ndi phwete la ana a eni, ndipo sikelo inkakana kupendekeka.

Ku labu zinayamba kuoneka. M'mawa wina, ana a sukulu ataunjikana kumbuyo, kamkanda kali kunsonga kwa singano, dzanja linanjenjemera. Singano inaboola kamtsempha, ndipo kazenera konse kanafiira. Anatenga dzira lina, chimodzimodzi. Mtsikana wina anafunsa mwaulemu ngati zolakwika za m'mabotolo zija zikanakhala ndi moyo zikanasiyidwa mpaka kuswa. A Gwero anayankha kuti funsolo silili pa silabasi.

Loweruka lina masana panja panaima galimoto. Anatsika asewere, mkamwini pambuyo atanyamula masutikesi ndi beseni la mwana. Anali katundu yense wotsala wa Mzime, wopindidwa bwino, popeza asewere pa zopinda nsalu sankalakwitsa. Anawalandirira m'chipinda cha tebulo. A Gwero anakhala kumutu. Ena onse, popeza mwana anali kumapeto, anakhala chakumapetoko, ndipo pakati panatsala mipando ya Dokotala ndi Loya yopanda anthu.

"Sitikhalitsa," anatero asewere. "Tangobweretsa zake. Zotsalazo tidzakambirana mitima ikakhala pansi."

Mkamwini ankayang'ana pansi. Mzime ankayang'ana masutikesi, nkhope yake ili ngati ya munthu amene wagulitsa tikiti yomaliza n'kutseka kawindo. Apo m'pamene a Gwero anaona kuti zinthu zotere sizitha zokha.

Anayamba ndi njira yawo yomwe ija. Anafotokoza kuti chakumtundu chimatha kudumpha m'badwo, kubisala mwa mayi n'kudzatulukira mwa mdzukulu, kuti munthu angakhale nacho osachionetsa. Asewere anawadula.

"Sukulu tinamva tsiku lija, asewere. Kudumpha chidumphe, koma chidumphe kuchokera kwa ndani?"

A Gwero anatulutsa manja m'matumba. Ankalemera ngati anyamula ndowa zonse zimene anazikana. Anaimirira, kuyenda utali wonse wa tebulo lawolo, n'kuwaika pa thabwa pafupi ndi mwana, m'mphepete mukuyang'ana kumwamba.

"Si lumo," anatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, osati a m'labu aja. "Ndinabadwa nato. Amayi anamanga ndi ulusi. Kwathu ankanditcha Sikisi."

Asewere anavala magalasi awo osokera. Anagwira dzanja lamanja, kulitembenuza, kudina kotupako ndi chikhadabo ngati akusankha tomato pa msika, kenako lamanzere. Anatenga kadzanja ka mwana n'kukaika pambali pake. Malo anali amodzimodzi, ngakhale wosaona akanapapasa n'kuvomera.

"Ooh," anatero asewere. Anavula magalasi, kuwapinda, n'kuwayang'ana a Gwero kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ndiye tsiku lija manjawa munawasiya kunyumba?"

Mkamwini anagwada pafupi ndi mpando wa Mzime n'kuyamba kupepesa. Mzime anamusiya agwade kaye. Kenako anamuuza kuti abwezere masutikesi m'galimoto, iye abwera akamaliza kuganiza, popeza mwamuna amene amadikira dzanja la apongozi ake kuti akhulupirire mkazi wake ndi wofunika kumuganizira bwino. Mayi anapita kukatereka tiyi.

A Gwero anabwerera kumutu kwa tebulo. Anadikira phwete, koma silinabwere. Palibe amene ankawayang'ana. Poona kuti sanafe, mtima unayamba kubwerera m'malo, ndipo pamodzi ndi mtimawo anabwereranso matenda akale aja. Anayang'ana manja awo, anayang'ana mdzukulu, nkhope n'kuyamba kuwala.

"Komatu mukaganiza bwino," anatero, "izi zikutsimikiza zimene ndakhala ndikunena. Taonani mtunda wake: kuchoka pano, kudutsa anyamata onse awiri, kukafika kumapeto, kulowa mpaka mwa mdzukulu. Ndiye wina azikana kuti m'nyumba muno gwero..."

"Bambo," anatero Mzime. Sanakweze mawu. "Amayi anandiuza tsiku lomwe ndinafika. Ndinawaletsa kunena. Ndimafuna ndione kuti mudikira mpaka liti." Anakonza shawelo ya mwana. "Mwadikira mpaka masutikesi. Manja anuwo ndawaona bwino lero, kuno ndinkakhala sankafika. Nyama sinkafika, mafunso sankafika. Chinthu chimodzi chokha chochokera kwa inu chinafika kuno, ndipo chomwecho munachikana pamaso pa anthu."

A Gwero anafuna kufotokoza, koma pa zimenezo analibe phunziro lokonzeka. Zinawapweteka, ndipo zinawapweteka kwambiri chifukwa mwanayo anali atamvetsa chiphunzitso chawo kuposa ana a sukulu onse amene anaimapo kumbuyo kwawo. Anakankha mpando n'kutambasula manja onse awiri, poyera, osapendeketsa.

"Bwera naye kuno ndimunyamuleko."

"Khalani komweko, bambo. Ameneyu adzimerera."

Mayi analowa ndi tiyi pa chitseko chotseguka theka chija, ndipo popeza anthu onse anali kumapeto, anayambira komweko kuthira. Anathirira asewere, mkamwini, Mzime, iwo eni. Tipoti itayenda tebulo lonse kukafika kumutu, munali mutatsala masamba ndi timadzi tofunda pang'ono. A Gwero anagwira kapu ndi manja awiri n'kumwa.